Adawaika Ndani pa Mpandopo?

Amayi anzanga, sabata ino ndafuna kuti tikambirane nkhani imene ambiri a ife timaiyesa ya abambo okhaokha, chonsecho katundu wake amagwera pamutu pathu. Nkhaniyi ndi ya makomiti amene khonsolo imagwira nawo ntchito m'midzi ndi m'matauni mwathu: amasankhidwa bwanji, ndipo nthawi yawo ikatha amabwerera motani pa mipando. Ndiyamba ndi mjigo, pakuti ine maso anga adatsegukira pa mjigo.

Kwathu ndi kumapiri kuno, chakumalire a Dowa ndi Ntchisi, kumene mudzi umakhala pamtunda koma madzi ali kukhwawa. Mayi amene adasenzapo ndowa kukwera chitunda mwezi wa Okutobala, mwana ali kumsana, safunika kumfotokozera zambiri. Chaka china tidamva kuti dera lathu lapatsidwa mjigo umodzi. Ife amayi a m'gulu lathu tidalulutira, chifukwa aliyense ankadziwa kuti midzi itatu ya kumtunda ndiyo inkazunzika koposa. Koma galimoto yokumba itafika, sidakwere kumtunda ayi. Idaima kumunsi, pafupi ndi msewu, pamalo pamene panali kale chitsime chabwino, moyang'anana ndi khomo la wapampando wa komiti ya chitukuko.

Tidamangirira zitenje ulendo wa kwa amfumu. Titakhala pansi ndi kuomba m'manja, mayi wamkulu mwa ife adati, "Zikomo amfumu, ife ana anu tabwera ndi dandaulo. Mjigo uja wapita kwa eni madzi, ife a kumtunda tatsala ndi khwawa lathu lomwe lija." Amfumu sadakwiye. Adayankha mofatsa kuti, "Amayi, zimenezi adamanga ndi a komiti. Komitiyo mudasankha ndinu nomwe." Tidayang'anana. Tidasankha liti? Palibe ndi mmodzi yemwe adakumbuka. Tili m'njira kubwerera, apongozi anga ndiwo adati, "Inu amake mwana, simukumbuka chifukwa tsikulo n'kuti muli m'chikuta." Mwana amene ndidali naye m'chikutamo adali atafika Sitandade 3. Komiti idakhala pampando zaka zonsezo popanda wina woifunsa kuti, kodi nthawi yanu idatha liti?

Kuyambira tsiku limenelo ndidayamba kufunsa. Sukulu ndidalekezera ku pulayimale, koma safunsa adadya phula. Zimene ndidatola kwa alangizi, kumaphunziro a magulu ndiponso pomvetsera misonkhano ndi zimene ndikuyalirani pano.

KHONSOLO NDI MIPANDO YAKE

M'chaka cha 1998 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono, ndipo chaka chomwecho boma lidavomereza mfundo ija tidaizolowera ndi dzina lakuti mphamvu ku anthu. Cholinga chake chidali chakuti nkhani za sukulu za pulayimale, zipatala zazing'ono, misika, madzi ndi misewu ya kumidzi zizimangidwa kufupi ndi eni ake, osati ku Lilongwe kokha. Motero boma la Dowa lili ndi khonsolo yake, la Ntchisi lilinso ndi yake.

M'khonsolo mumakhala makhansala, amene timawavotera ife m'mawodi. Mumakhalanso mafumu aakulu, amene amalankhula ndi kulangiza koma saponya voti. Aphungu a Nyumba ya Malamulo nawonso amakhala nawo. Lamulo litasinthidwa mu 2010 lidawapatsa aphunguwo mphamvu yovota m'khonsolo, koma mu 2025 Khoti Lalikulu lidagamula kuti zimenezo n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. M'chaka chomwecho cha 2010 malamulo adachepetsanso mawodi a m'maboma kuti akhale awiri m'dera la phungu aliyense, kotero kuti pa chisankho cha 2014 Dowa, amene adali ndi madera a aphungu 7, adapeza makhansala 14, ndipo Ntchisi wa madera 4 adapeza 8. Tangoganizani kukula kwa Dowa, kuchokera ku Mvera mpaka ku Madisi, anthu 14 okha panthawiyo! Khansala mmodzi sangadziwe khwawa lililonse. N'chifukwa chake makomiti a pansi ali ofunika chotere: ndiwo maso ndi makutu a khonsolo.

Koma pali mipando ina isanu m'khonsolo imene ndikufuna muigwiritsitse, chifukwa ambiri sitiidziwa. Lamulo likunena kuti makhansala osankhidwa aja aike anthu asanu oti aziimira magulu apadera. Anthu asanuwa sitiwavotera ife, ndipo iwonso savota m'khonsolo, koma amakhala nawo pa zokambirana ndi kulankhula. Lamulo silidatchule kuti maguluwo ndi ati. Lidasiyira khonsolo kuti ione yokha. Kawirikawiri makhonsolo amapatula mipandoyi kuti ikhale ya amayi, achinyamata, anthu aulumali, a mipingo ndi a malonda. Ndiye kuti kuboma kuja kuyenera kuti kuli mayi wina amene adaikidwa kuti azilankhula m'dzina la inu ndi ine. Ndayenda m'magulu ambiri a amayi, a banki m'khonde, a ulimi, a kumpingo, ndipo ndikafunsa kuti mayi ameneyu dzina lake ndani, mumangoti zii. Sindikunena kuti mayiyo ndi wolakwa. Mwina ndi munthu wakhama ndithu. Koma munthu angasenze bwanji mawu a anthu amene sadziwa n'komwe kuti iye alipo? Ndipo popeza omuika ndi makhansala, iye akhoza kuopa makhansalawo koposa kuopa ife, makamaka ngati akufuna kuti adzamuikenso.

Khonsolo ikakhala pansi imagawa ntchito m'makomiti ake: ya za chuma, ya chitukuko, ya maphunziro, ya zomangamanga, ya zaumoyo ndi zina. Mipando ya m'makomiti amenewa amagawana okhaokha m'khonsolomo, ndipo wapampando wa khonsolo amasankhidwa ndi anzake pakati pa makhansala. M'mizinda monga Lilongwe ameneyu ndiye meya. Palinso komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe, imene amaitsogolera ndi bwanamkubwa. Amenewa sasankhidwa ndi anthu; mpando amaupeza chifukwa cha ntchito yawo. Apa sindichedwapo, pakuti dzanja lathu silifikapo kwenikweni.

Chimene ndichedwepo pang'ono ndi mbiri iyi. Makhansala oyamba a m'nthawi ya zipani zambiri tidawasankha mu Novembala 2000. Nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo chisankho china sichidachitike mpaka mu Meyi 2014, pa chisankho chapatatu chija. Zaka zisanu ndi zinayi dziko lonse lopanda khansala! Ine ndidakwatiwa, ndidabereka, ndidaphunzitsa ana kuyenda, m'mudzi mulibe munthu wotchedwa khansala. Maganizo anga ndi akuti zaka zimenezo zidatiphunzitsa khalidwe loipa. Ngati kuboma komwe tsiku la chisankho lidadutsa osachitika kanthu, ndani akadakumbutsa komiti ya kumudzi kuti nayonso tsiku lake lakwana? Komiti yathu ija idakulira m'nyengo imeneyo.

KUMUDZI NDI KWA MFUMU YAIKULU

Tsopano titsike kumene phazi lathu limaponda. Kwa gulupu aliyense kuyenera kukhala komiti ya chitukuko ya midzi, imene pakamwa pathu idazolowereka kuti VDC. Pamwamba pake, m'dera la mfumu yaikulu iliyonse, pali komiti ya chitukuko ya dera, ADC. Choncho kwa Chiwere, kwa Msakambewa, kwa Dzoole, kwa Kayembe, kwa Mkukula, kwa Chakhaza ndi kwa Mponela kuli makomiti otere. Chimodzimodzi ku Ntchisi kwa Kalumo, kwa Chikho, kwa Kasakula, kwa Nthondo, kwa Chilooko, kwa Malenga ndi kwa Vuso Jere. Dandaulo la mudzi limayambira ku VDC. Kumeneko amasanja kuti choyamba n'chiti, chachiwiri n'chiti. ADC imasonkhanitsa za ma VDC onse, imasanjanso, n'kutumiza ku khonsolo kuti zilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse. Mukaona mlatho wamangidwa pa mtsinje uwu osati uwo, dziwani kuti pali tsiku limene anthu ena adakhala pansi pa mtengo n'kulemba dzina la mtsinje umodzi pamwamba pa linzake. Mjigo wathu udatayika pa tsiku lotero.

Malangizo a Unduna wa Maboma Ang'ono, monga adasindikizidwira mu 2013, adafotokoza bwino kasankhidwe kake. Mudzi uliwonse wa pansi pa gulupu usankhe munthu wouimira. Pakhalenso amayi anayi osankhidwa ndi anthu a m'deralo. Wapampando asankhidwe pakati pa mamembala, ndipo akakhala bambo, wachiwiri wake akhale mayi. Mfumu ikhale mlangizi wa komiti, osati wapampando. Ndipo nthawi yokhala pampando idaikidwa kuti ikhale zaka zitatu. Oyang'anira chisankhocho amakhala alangizi a boma a m'dera: a chitukuko cha m'midzi, a ulimi, a zaumoyo. ADC nayo imatenga anthu ake kuchokera m'ma VDC, kuonjezapo oimira mipingo, achinyamata, amayi ndi a malonda.

Papepala zonse zili bwino. Vuto silikhala kwenikweni pa chisankho choyamba, chifukwa tsiku limenelo alangizi amabwera, anthu amachuluka, aliyense amakhala tcheru. Vuto limabisala pa kubwereza.

Amayi, mudamvapo mawu akuti "apitirize". Msonkhano waitanidwa wa nkhani ina, kapena ya makuponi, kapena ya katemera. Dzuwa lapendeka, ana ayamba kulira, ife maganizo ali pa ndiwo za madzulo. Pamenepo wina amaimirira n'kunena kuti, "Paja nthawi ya komiti yathu yatha. Kodi anthuwa atilakwira chiyani?" Bambo wina kumbuyo amafuula, "Apitirize!" Ena awiri atatu amavomera, m'manja muja mwaombedwa, nkhani yatha. Ndani angaimirire pamaso pa wapampando, amene mwina ndi atsibweni ake a mwamuna wako, n'kunena kuti ayi asapitirize? Funso lija lidafunsidwa mochenjera. Likutembenuza chisankho kukhala mlandu, ngati kuti kusintha munthu pampando ndiye kumutcha wakuba. Chonsecho mpandowo sudali wake. Tidangombwereka kwa zaka zitatu. Mbale yobwereka ukaiitanitsa sindiye kuti wanyoza mnansi.

Kwina sakuvutika n'komwe ndi "apitirize". Tsiku limangodutsa mwakachetechete monga lidadutsira kwathu. Kwina uthenga wa msonkhano umalengezedwa usiku kuti mawa m'mamawa, mwezi wa kupalira kapena wosoka fodya, kapena tsiku la msika pamene theka la amayi lapita ku Mponela ndi tomato. Ofika amakhala okhawo amene adauzidwa kale. Kwina mfumu imabwera ndi maina m'thumba n'kungowawerenga. Ndipo kwina zimatembenuka: chisankho chachikulu chikangotha, wandale amene wapambana amafuna kuti komiti yonse ichoke nthawi yake isadakwane kuti alowetsemo omwe adamvinira. Uku ndi kulakwa komweko kovala malaya ena. Wokhalitsa popanda chilolezo chathu ndi wochotsedwa popanda chilolezo chathu, onsewo atilanda chinthu chimodzi.

Musandimve molakwa. Sindikuti munthu asabwerere pampando. Ntchito ya komiti ilibe malipiro. Ndikudziwa abambo ndi amayi amene amapalasa njinga kapena kuyenda pansi mtunda wautali kupita ku msonkhano wa ADC, osadya kanthu tsiku lonse, kubwerako kuli mdima. Munthu amene waphunzira kulemba ndondomeko, amene akudziwa khomo loyenera kugogoda kuboma, ndi chuma cha mudzi, ndipo kumtaya chifukwa chongofuna nkhope yatsopano ndi kupusa. Koma abwerere podzera pakhomo, osati pazenera. Ayambe waima pamaso pa anthu n'kufotokoza: m'zaka zitatuzi kudabwera zakuti, ndalama zake zidali zakuti, zatheka ndi izi, zakanika ndi izi. Akatero achoke pabwalo, anthu avote momasuka. Akapambananso, ameneyo ndi wathu ndithu.

Kavotedwe nakonso n'kofunika kukayang'ana. Kukweza manja poyera, kapena kufola kumbuyo kwa munthu, kumamanga mayi wokwatiwa. Mwamuna wako wafola uko, iwe ungafole kuno? Ena amati tiweramitse mitu tikweze manja, koma tonse tikudziwa kuti pamakhala wina wosuzumira. Pempho loti voti ikhale yachinsinsi si chipongwe kwa mfumu, ndipo alangizi ambiri amalilandira bwino ngati laperekedwa msonkhano usadayambe.

Tsono ndinene za ife eni, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Kangati dzina la mayi latchulidwa pabwalo, mwini wake n'kubisa nkhope m'chitenje, amvekere, "Ine ayi, abambo kunyumba sangalole," asadawafunse n'komwe abambowo? Kangati tavomera kuti mayi akhale msungichuma basi, ati chifukwa amayi saba, pamene upampando ndi ulembi zapita kwa abambo? Msungichuma amene sadziwa kuti ndalama zabwera zingati, amene amangouzidwa kuti sainani apa, ameneyo akusunga mlandu osati chuma. Ndipo kangati mayi mnzathu atasankhidwa ife tomwe tayamba kumjeda kuchitsime kuti akudzimva, akuyenda ndi amuna a eni? Mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma nthawi zina ndi mbewa zinzake zimene zimatseka unawo.

Chimandidabwitsa n'chakuti ife Achewa manyazi amenewa si a makolo athu. Ufumu ukagwa, kodi si amayi aakulu a mbumba amene amakhala pansi n'kuloza kuti dzina alowe ndi uje? Ngati agogo athu ankatha kupima munthu woyenera kusenza mudzi wonse moyo wake wonse, ife tingalephere kupima woyenera kusunga kope la komiti zaka zitatu? Pali mawu enanso amene amagwetsa amayi ambiri, akuti "inu ndinu wa chitengwa, ndinu wobwera". Mayi amene wamwa madzi a khwawa limenelo zaka khumi ndi zisanu, amene ana ake ali pa sukulu ya pomwepo, si mlendo pa nkhani ya mjigo. Abambo a chikamwini amakhala m'makomiti bwinobwino popanda wowakumbutsa kwawo.

MINDA, SUKULU, MSIKA

Pali komiti ina imene lamulo lenileni, osati malangizo chabe, lidatipatsa mipando. Lamulo la malo a makolo la 2016 likuti kwa gulupu kukhale komiti ya malo. Wapampando wake ndi gulupu, koma anthu ena asanu ndi mmodzi asankhidwe ndi anthu a m'deralo, ndipo mwa iwo atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Komiti imeneyi ndiyo imaona za kulembetsa minda. Ntchitoyi idayamba kuyesedwa m'madera ena a Kasungu, Phalombe ndi Rumphi, ndipo kumene siidafike idzafika. Amayi anzanga, apa pasakhale tulo. Mjigo ukaphonya chaka chino ukhoza kubwera chaka china, koma munda ukalembedwa m'dzina lolakwika, mwana wamasiye adzaulira moyo wake wonse. Amayi atatu amenewo asakhale ongodzaza nambala, mkazi wa uje ndi mlongo wa uje. Akhale amayi odziwa malire a minda, okumbuka kuti mtengo wa mango uwo adabzala ndani, osaopa kunena zoona ngakhale pamaso pa eni mbumba.

Lamulo lina la 2013, loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo, likuti polemba anthu ntchito za boma, amayi kapena abambo asachepere 40 pa 100 alionse ndiponso asapitirire 60. Lamuloli likukamba za ntchito za boma, koma muyeso wake tikhoza kuubwereka pokambirana kumudzi: komiti ya anthu khumi, amayi asachepere anayi. Anzathu a ku Uganda adapita patsogolo. Lamulo lawo la 1997 lidapatuliratu amayi gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya m'makhonsolo. Kuno mipando ya ukhansala sidapatulidwe chotero, ndipo pa chisankho cha 2014, mwa mawodi 462, amayi amene adapambana sadafike ndi 60 omwe. Khansala wamayi sagwa kumwamba. Amayambira ku komiti ya mjigo, ya sukulu, ya VDC, kumene amaphunzira kuima pagulu mawondo osanjenjemera.

Makomiti enawa ndingowadutsa, chifukwa mumawadziwa: komiti yoyendetsa sukulu, gulu la amayi loyang'anira atsikana pasukulu, komiti ya pachipatala chaching'ono imene imayenera kuonerera mankhwala akamafika, komiti ya mjigo imene imatolera ndalama zokonzera. Inu a m'tauni musati izi n'za kumudzi. Pa msika wa Mponela, wa Madisi, wa Malomo, wa paboma pa Ntchisi, pali makomiti a msika amene amalankhula ndi khonsolo za malo ogulitsira, zimbudzi ndi zinyalala. Ogulitsa ambiri ndi amayi, olipira chiphaso tsiku ndi tsiku ndi amayi. Nanga m'komitimo muli amayi angati, ndipo adasankhidwa chaka chiti? Mu mzinda wa Lilongwe namonso muli makomiti a chitukuko a m'mawodi. Funso ndi lomwelo kulikonse.

Ndipo funsoli lakula tsopano kuposa kale, chifukwa ndalama zodzera m'makhonsolo zachuluka. Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu lidayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa, koma lakhala likukwera m'kupita kwa zaka, mpaka kulimbirana kwake kudafika ku khoti. Pamene pali nyama yambiri mipeni imachulukanso. Pa 16 Sepitembala 2025 tidasankha makhansala m'mawodi 509 a dziko lino, ndipo nthawi yawo ndi zaka zisanu. Khonsolo yatsopano ikalowa ndi pamene mipando isanu ija imadzazidwa, makomiti a khonsolo amagawidwa, ndipo m'madera ambiri nkhani yokonzanso ma VDC ndi ma ADC imadzuka. Muli ndi ufulu wofunsa. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotsegukira anthu. Mukhoza kukakhala kumbuyo n'kumvetsera. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, motero kufunsa maina a mamembala a komiti ndi tsiku limene nthawi yawo idzathe si kupalamula.

Mwina mukufuna kudziwa kuti kwathu zidatha bwanji. Sitidachite zionetsero, sitidatukwane munthu. Tidalemba kalata yaifupi, ine ndidagwira cholembera, amayi ena adasaina, ena adadinda chala. Tisadapite nayo kulikonse tidabwerera kwa amfumu kukawawerengera, chifukwa kudumpha mfumu ndi kudzitsekera khomo wekha. Tidati, "Amfumu, sitikudandaulira munthu. Tikungopempha kuti tsiku la chisankho likwaniritsidwe." Adagwedeza mutu nati, "Pitani nayoni." Tidaipereka kwa mlangizi wa chitukuko cha m'midzi, ina kwa khansala. Padapita miyezi isanu. Kawiri konse ndidayenda ulendo wopita kukakumbutsa, ndipo abambo kunyumba adafika pondifunsa kuti, "Kodi amayi, ukhansalawo mwauyamba liti?" Koma tsiku lachitatu adandibwereka njinga yawo.

Tidapempha zinthu zitatu zokha: msonkhano ulengezedwe sabata yathunthu usadachitike, ukhale titatha kukolola ndiponso tsiku losakhala la msika, ndipo voti ikhale yobisika. Tsikulo litafika bwalo lidadzaza, amayi a kumtunda adatsika ndi ana omwe. Monga tinkayembekezera, bambo wina adayamba, "Anthuwa atilakwira chi..." Asadamalize, gogo wina wa m'gulu lathu, amene ankayenda ndi ndodo, adaimirira pang'onopang'ono nati, "Zikomo amfumu, zikomo alangizi. Sadatilakwire kanthu ana athuwa. Koma tisadanene kuti apitirize, atiwerengereko kope lawo, timve nafe zimene akhala akulemba." Mlembi adatulutsa kope. Zaka zonse zija, masamba olembedwa adali owerengeka, ndipo za mjigo mudalibe ndi mzere umodzi womwe. Palibe adaseka. Mlangizi adangoti, "Tiyeni tisankhe."

Popeza ambiri sadziwa kulemba, tidavota ndi njere za chimanga. Mbale zovundikira adaziika kuseri kwa chipinda cha sukulu, aliyense ankapita yekha n'kuponya njere yake. Wapampando wakale adabwerera m'komiti ngati membala wamba, woimira mudzi wake, ndipo kunena zoona watithandiza, pakuti njira za kuboma amazidziwa. Mlembi watsopano ndi mayi wa kumtunda, wa chitengwa. Wachiwiri kwa wapampando ndi mayinso.

Mjigo wa kumtunda udalembedwa poyamba pa ndondomeko ya VDC yathu, ndipo ku ADC udalowa. Kufikira lero galimoto yokumba siidakwere chitunda chija. M'mamawa uno ndatunga kukhwawa komwe kuja. Koma tsiku limene nthawi ya komiti yatsopanoyi idzathe tidalilemba m'kati mwa chikuto cha kope la banki m'khonde, pamene timalemba masheya, ndipo mlembi wathu amaliwerenga mokweza nthawi iliyonse tikamagawana ndalama kumapeto kwa chaka.